Musanalipire ulendo wa ku Zanzibar, werengani izi kaye

Masiku ano m'tauni muno gulu la pa WhatsApp lililonse lili ndi munthu amene akugulitsa ulendo wa ku Zanzibar. Zithunzi zake ndi zomwe zija: mchenga woyera mbee, madzi obiriwira, mtsikana ali pa kachisakasa atanyamula kokonati. Anthu akusonkha ndalama miyezi isanu ndi umodzi, ena akutapa za banki m'khonde. Sindikukuletsani, malowo ndi okongola zedi ndipo ine ndinakafikako. Koma dola ikuvuta chonchiyi, ndi bwino munthu adziwe chimene akugula asanatumize ndalama kwa munthu amene wangomuona pa Facebook.

Poyamba, Zanzibar si tauni imodzi ayi. Ndi zilumba za pa nyanja yamchere ya Indian Ocean, ndipo zikuluzikulu zake ndi ziwiri, Unguja ndi Pemba. Anthu akamati "ndapita ku Zanzibar" amanena Unguja. Zilumbazi zinaphatikizana ndi Tanganyika mu 1964 n'kupanga Tanzania, koma mpaka lero zili ndi pulezidenti wakewake komanso nyumba yake ya malamulo. N'chifukwa chake mukatsika pa doko amaonanso pasipoti yanu ngakhale munadinditsa kale pa Songwe. Mmalawi safunika viza polowa m'Tanzania kukacheza, koma kuyambira pa 1 Okutobala 2024 boma la Zanzibar linakhazikitsa inshuwalansi yokakamiza kwa alendo, ya madola 44, imene amagulitsa a Zanzibar Insurance Corporation. Musananyamuke lowani pa webusaiti yawo muone zomwe zikukhudza pasipoti yanu, ndipo amene akukugulitsani ulendoyo mumufunse ngati ndalamayi ili kale mu mtengo umene wakuuzaniwo.

Njira ya ambirife ndi ya basi, yomwe amalonda opita ku Kariakoo amadutsa: Mzuzu, Karonga, Songwe, Mbeya, kenako Dar es Salaam. Ndi ulendo woswa msana, wodutsa tsiku lathunthu. Amene thumba likulola akhoza kukwera ndege mpaka ku Dar. Kuchoka pamenepo mumakwera sitima yapamadzi yothamanga, ndipo za Azam Marine zimatenga pafupifupi maola awiri. Tikiti mugule pa ofesi yawo yeniyeni kapena pa intaneti. Pa doko paja pali anyamata ambiri okoma pakamwa amene amakuthamangirani ngati achibale, koma mtengo wawo ndi wina.

Musaiwale za nthawi. Tanzania ili patsogolo pa ife ndi ola limodzi. Komanso Aswahili amawerenga maola kuyambira m'mawa dzuwa likatuluka, ndiye munthu akakuuzani kuti basi inyamuka "saa moja asubuhi" akunena 7 koloko m'mawa, osati 1 koloko. Mukasokoneza pamenepa, basi mudzangoimva mbiri.

Tsopano nkhani yaikulu, imene otsatsa maulendo sanena: madzi a kumeneko amachoka. Ife tinazolowera nyanja yathu. Ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, pomwe madzi ali m'mawa ndi pomwe adzakhale madzulo. Nyanja yamchere si choncho. Mwezi ndi dzuwa zimakoka madzi, ndiye pa tsiku amadzaza kawiri n'kuphwa kawiri, pafupifupi maola asanu ndi limodzi aliwonse, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku ndi tsiku. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, kusiyanaku kumakula kwambiri.

Kum'mawa kwa chilumbachi, ku Paje, Jambiani, Bwejuu ndi Matemwe, pansi pa nyanja ndi posaya mpaka kutali. Madzi akaphwa amabwerera mamita mazanamazana, mumangoona mchenga, miyala ndi timadambo. Ngati mwabwera kudzasambira kwa masiku awiri okha, mukhoza kukhumudwa. Kumpoto, ku Nungwi ndi Kendwa, gombe limatsetsereka msanga, choncho mumasambira pafupifupi nthawi ina iliyonse. Kumenekonso ndiye kuli phokoso, mabala ndi mapate a usiku, ndipo zinthu zimakwererako mtengo. Ndiye musangomva kuti "hotela ya pa bichi". Funsani kuti gombe lake liti, kenako muone pa intaneti nthawi yomwe madzi adzakhale odzaza pa masiku anuwo.

Kum'mawako sikoipa ayi, kumangofuna munthu wodziwa chimene wapitira. Ku Paje kumaomba mphepo yabwino, n'chifukwa chake kumadzaza anthu othamanga pamadzi ndi makaiti akuluakulu. Madzi akaphwa mumaona azimayi akulowa m'minda yawo ya ndere za m'nyanja, zimene amazitcha mwani. Ulimi umenewu unayamba ngati bizinesi mu 1989 ku Paje ndi Jambiani komweko, ndipo ndi umene umadyetsa mabanja ambiri. Zingwe ndi zikhomo zimene mungaone m'madzimo ndi munda wa munthu, musapondepo, ndipo musajambule mayi aliyense musanapemphe. Muvalenso nsapato zolowa nazo m'madzi, chifukwa pali tinyama tobulungira ta minga yakuda timene tikakubayani, holide yathera pomwepo.

Ku Nungwi, kupatula kusambira, pitani mukaone amisiri akukhoma zombo zamatabwa ndi manja. Amene munakulira ku Nkhotakota mudzazizindikira, chifukwa luso la zombo za matanga zija linabwera kwathu kuchokera ku gombe lomweli. Kum'mwera kuli Kizimkazi, komwe kuli mzikiti wakalekale wokhala ndi malemba a chaka cha 1107. Popita ku Paje mumadutsa nkhalango ya Jozani, komwe kuli anyani ofiira amene kwawo n'ku Zanzibar kokha.

Mayendedwe otchipa ndi daladala, minibasi zawo, zimene mumazipeza m'tauni cha ku msika wa Darajani. Nungwi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera m'tauni, Paje pafupifupi 50. Takisi ndi yachangu koma mtengo mugwirizane musanakwere. Ndalama yogwiritsa ntchito ndi shilingi ya Tanzania. Kwacha musaidalire mukadutsa Songwe.

Ine ndimati amene wafika ku Zanzibar osagona ku Stone Town waphonya theka la ulendo. Tauni yakaleyi inalowa m'ndandanda wa malo otetezedwa a UNESCO mu 2000. Tinjira take n'topanikizika moti galimoto silowa, ndipo zitseko zake n'zosema mwaluso. Madzulo ku Forodhani kumakhala msika wa zakudya: nsomba zootcha, supu ya urojo, madzi a nzimbe. Nsombazo funsani mtengo kaye ndipo muone kuti akuotcha inu mukuona.

Koma malo amene Mmalawi aliyense ayenera kufikako ndi tchalitchi cha Anglican cha Christ Church. Chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo, umene Sultan Barghash anautseka mu 1873. M'zaka za m'ma 1800, a Jumbe a ku Nkhotakota ankaolotsa anthu pa nyanja yathu n'kuwayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa, ndipo ambiri ankagulitsidwa ku Zanzibar. Ena mwa anthu amene anaima pa msika umenewo ankayankhula zinenero zomwe timayankhula ifezi. Mishoni ya UMCA, imene inayamba ku Magomero mu 1861, inasamukira ku Zanzibar mu 1864, kenako n'kubwerera ku nyanja yathu kudzakhazikika ku Likoma. M'tchalitchimo mulinso mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone kwa Chitambo, ku Zambia. Mukatsikira m'zipinda zapansi zija, selfie siibwera n'komwe m'maganizo.

Kumbukiraninso kuti anthu ambiri a kumeneko ndi Asilamu. Zovala zosambirira n'za pagombe basi. M'tauni ndi m'midzi bisani mapewa ndi mawondo, ndipo chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa nkhani yonse. M'mwezi wa Ramadan musamadye poyera masana. Majumbo apulasitiki ndi oletsedwa m'Tanzania monse kuyambira mu Juni 2019.

Za nyengo, mvula yaikulu imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndipo n'chifukwa chake maulendo a Epulo amatchipa. Ina yocheperako imagwa cha mu Novembala. Juni mpaka Okutobala kunja kumakhala kouma ndiponso kozizirirako, koma mphepo ya kum'mwera imavundula nyanja, ndiye amene mumachita chizungulire pa Ilala konzekeranitu.

Tsono musanatumize ndalama, funsani mafunso awa ndipo mayankho ake akhale olembedwa: hotelayo dzina lake ndani ndipo ili gombe liti, tikiti ya sitima ndi inshuwalansi zili momwemo kapena ayi, chakudya n'kangati pa tsiku, ndipo ulendo ukalephereka ndalama zibwezedwa bwanji. Hotelayo muiimbire nokha mutsimikize kuti dzina lanu lilipo. Wogulitsa woona sangakwiye ndi mafunso amenewa. Amene wayamba kukuuzani kuti "malo atsala awiri okha, tumizani lero", musiyeni, mufunefune wina.