Mauvuni a asilikali a Chiroma ku Caerleon

Ku Ulaya kuli dziko lotchedwa Wales, lomwe lili pa chilumba cha Britain. M'dziko limenelo muli mudzi wa Caerleon, m'mphepete mwa mtsinje wa Usk. Kumapeto kwa mudziwo kuli bwalo la udzu. Tikayenda m'bwalomo timaona miyala yoyalidwa mozungulira, ngati maziko a nkhokwe. Miyala imeneyi ndi zotsala za mauvuni ophikira buledi. Amene anawamanga anali asilikali a ufumu wa Roma, ndipo papita zaka zoposa 1,800.

Kodi asilikali a ku Roma ankafuna chiyani kutali chonchi? Aroma analowa mu Britain m'chaka cha 43 kuti alande dzikolo. Anthu a mtundu wa Silures, eni ake a dera la Caerleon, analimbana nawo zaka zambiri. Cha m'ma 75 Aroma anamanga linga lalikulu pamalopo, nalitcha Isca. Linali la mahekitala 20. M'katimo munkakhala gulu la nkhondo lotchedwa Legio II Augusta, amuna oposa 5,000.

Tiyeni tiganize pang'ono. Amuna 5,000 ayenera kudya tsiku lililonse, mvula igwe, dzuwa liwale. Chimanga kunalibe, pakuti chinafika ku Ulaya kuchokera ku America patapita zaka zoposa 1,000. Chakudya chawo chenicheni chinali tirigu. Msilikali mmodzi ankalandira tirigu wosakwana pang'ono kilo imodzi pa tsiku. Tikawerengera gulu lonse, tipeza matani 4 kapena kuposerapo tsiku limodzi lokha. Ndipo sankalandira ulele: mtengo wa chakudya ankaudula pa malipiro ake.

Msilikali sankapatsidwa ufa. Ankapatsidwa tirigu wosapera, chifukwa mbewu yathunthu imasungika nthawi yaitali kuposa ufa. Ifenso timadziwa zimenezi: chimanga chimakhala m'nkhokwe miyezi, koma ufa ukakhalitsa umafumbwa. Choncho ntchito yopera inali ya asilikali eni ake. Amuna 8 ankagona chipinda chimodzi, nadyera pamodzi. Iwo anali ndi mphero yawo. Mphero ya Aroma inali ya miyala iwiri yozungulira, umodzi pamwamba pa unzake. Wapamwamba unali ndi bowo pakati lothiriramo tirigu, ndi chogwirira cha mtengo choupotolozera. Ufa unkatuluka m'mbali. Timiyala tothethekera tinkalowa mu ufamo, ndipo mano ankaperepeseka nato.

Tsopano tione uvuniwo. Pansi pake ankayala miyala yafulati kapena matailosi ootcha. Pamwamba ankaumba denga lozungulira la miyala ndi dongo, longa chulu chaching'ono, nasiya khomo limodzi kutsogolo. Wophika ankasonkha moto wa nkhuni m'kati mwenimweni. Moto unkayaka mpaka miyala ndi dongo zitatentha kwambiri. Kenaka ankakokolola makala ndi phulusa kunja, nalowetsa ufa wokanda, natseka khomo. Buledi ankapsa ndi kutentha kotsala m'zipupa, osati ndi lawi la moto. Amene anaonapo amayi akuphika buledi mu uvuni wa dothi ku Angónia kapena ku Tsangano, kumene amalima tirigu, sangadabwe. Nzeru yake ndi imodzimodzi.

Chinthu chofunika kuchiona ndi malo amene anamangapo mauvuniwa. Sali pakati pa nyumba zogona ayi. Ali m'mphepete, otsamira chimulu cha dothi chimene chinali kuseri kwa khoma la linga. Pakati pa mauvuni ndi nyumba pankadutsa msewu wozungulira linga lonse. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Poyamba nyumba za asilikali zinali za mitengo, zoyandikana kwambiri. Mphaliphali imodzi yokha ikanatha kutentha nyumba zonse pamodzi ndi nkhokwe. Chimulu cha dothi chija chinkatchinganso mphepo ndi kusunga kutentha. Dongosolo lomweli lapezekanso m'malinga ena a Aroma ku Britain ndi ku Germany.

Mbali iyi ya linga imatchedwa Prysg Field. Anaifukula kuyambira 1927 mpaka 1929, motsogozedwa ndi katswiri wina dzina lake V. E. Nash-Williams. Madenga a mauvuni anagwa kalekale. Chimene chimatsala ndi pansi pake, dothi lofiira chifukwa chopsa, ndi phulusa limene ophika ankataya pafupi ndi khomo. Wofukula amawerenga zizindikiro zimenezi monga momwe mlenje amawerengera mapazi a nyama.

Ku Caerleon kunapezekanso kanthu kakang'ono kosangalatsa: chidindo cha mtovu chodindira buledi. Pachidindocho panalembedwa dzina la mkulu wa asilikali, mwini wa kagulu ka amuna 80. Ankadinda pa ufa wokanda usanalowe mu uvuni. Buledi akapsa, zilembo zinkaoneka, ndipo aliyense ankadziwa kuti buledi uyu ndi wa kagulu kakutikakuti. Apa tikuona kuti zilembo zinkagwira ntchito ngakhale pa moto wophikira. Tikuonanso kuti buledi ankatha kusowa, pakuti munthu sadinda chinthu chimene sichibedwa.

Nanga buledi wa nthawi imeneyo ankaoneka bwanji? Yankho likuchokera ku Italy. M'chaka cha 79 phiri la Vesuvius linaphulika, nilikwirira mzinda wa Pompeii ndi phulusa. Mu uvuni wina wa mumzindamo ofukula anapeza mabuledi 81 atasanduka makala, koma maonekedwe ake osasintha. Anali ozungulira, olembedwa mizere yowagawa zigawo 8 kuti anyemeke bwino. Asilikali akakhala pa ulendo ankadya mtundu wina, wouma ndi wolimba, wosachedwa kunyamula komanso wosaola msanga. Gulu likalakwa, mwina pothawa nkhondo, chilango chimodzi chinali kulipatsa balere m'malo mwa tirigu. Chinali chamanyazi, chifukwa balere chinali chakudya cha akavalo.

Funso lomaliza ndi lolemera kuposa onse: tirigu yenseyu ankalima ndani? Asilikali sanali alimi. Wina ankabwera pa zombo, ndipo m'chaka cha 2011 ofukula anapeza zotsala za doko pa mtsinje wa Usk, pafupi ndi linga. Koma wambiri ankachokera kwa alimi a dziko logonjetsedwalo, monga msonkho kapena mogulitsa mokakamizidwa. Tacitus, Mroma wolemba mbiri, anasimba chinyengo chimene chinkachitika ku Britain. Alimi ankalamulidwa kukatula tirigu ku malo akutali ovuta kufikako, pamene linga lina linali pafupi, kuti alipire ndalama powomboledwa ku ulendowo. Ena ankakakamizidwa kugula tirigu m'nkhokwe za Aroma omwewo kuti akwanitse msonkho. Iye akuti bwanamkubwa Agricola anathetsa zimenezi, koma tisaiwale kuti Agricola anali mpongozi wake wa Tacitus.

Gulu la Legio II Augusta linakhala ku Isca zaka zoposa 200. Cha m'ma 300 nyumba zambiri za m'lingamo zinali zitasiyidwa kapena kugwetsedwa. Anthu a m'deralo anatuta miyala yabwino kukamangira nyumba zawo, koma miyala yopsa ya pansi pa mauvuni anaisiya, ndipo dothi linaikwirira mpaka 1927.