Kodi mumadziwa? Maola 18 m'mwamba osatera

Kodi mumadziwa kuti pali ndege imene imanyamuka ku New York n'kukatera ku Singapore osaima pena paliponse? Ndi ya kampani ya Singapore Airlines, ndipo imakhala mumlengalenga maola oposa 18. Mtunda wake ndi makilomita 15,349!

Kutalika kumeneku mwakumvetsa? Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola, osapuma usana ndi usiku, ingathe masiku 6 isanafike. Kuzungulira dziko lonse lapansi ndi makilomita pafupifupi 40,000, choncho ulendo umodzi wokhawu umapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu.

Nanga mafuta? Ndegeyi, ya mtundu wa Airbus A350-900ULR, imatha kunyamula malita 165,000. Mukawathira m'migolo ya malita 200, amadzaza migolo 825.

Kuti isalemedwe, anaichepetsera mipando. Ndege zina za mtundu wa A350 zimatenga anthu oposa 300, koma iyi ili ndi mipando 161 yokha, ndipo ya mtengo wotsika ija mulibemo. Oyendetsa nawonso amagona mosinthana, n'chifukwa chake amakhala anayi.

Chondisangalatsa kwambiri ndi njira yake. Mukayang'ana pa mapu a pakhoma mungaganize kuti ndegeyi imangolunjika chopingasa, koma poti dziko ndi lozungulira, njira yachidule imadutsa kufupi ndi nsonga ya kumpoto kwenikweni kwa dziko, komwe kuli madzi oundana okhaokha.

Komatu oyendetsa nthawi zambiri njira yachiduleyo amaisiya dala. M'mwambamo mumaomba mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo kupita kum'mawa, ndipo ndege ikaitsatira imakankhidwa kuchokera kumbuyo n'kupulumutsa nthawi ndi mafuta omwe. Ndiye pochoka ku Singapore imakonda kudzera pa nyanja ya Pacific, pobwerera n'kudzera pa Atlantic ndi ku Ulaya. Mwaona? Kupita ndi kubwera konse ikulowera kum'mawa, ndipo ikamafika kwawo imakhala itazungulira dziko kamodzi!

Wotchi nayo imasokoneza mutu. Singapore ili patsogolo pa New York ndi maola 12, ndipo kukazizira ku America amakhala 13. Mukanyamuka ku New York Lolemba usiku mumakatera Lachitatu m'mamawa, Lachiwiri lonse litathera pampando.

Kunja kwa zenera musakusirire. Ndege zoterezi zimauluka pamtunda wa makilomita oposa 10 kuchokera pansi, pa liwiro la makilomita pafupifupi 900 pa ola. Kuzizira kwake kumafika madigiri 50 kunsi kwa ziro.

Zonsezitu zinayamba mochepa. Mu 1903, Orville Wright anauluka masekondi 12 okha, mtunda wa mamita pafupifupi 37. Mapiko a A350, kuchokera nsonga iyi kufika inayo, ndi mamita pafupifupi 65, otalika kuposa ulendo wonse woyambawo!

Ngati maola 18 akukuopsani, pitani ku Scotland. Pakati pa zilumba za Westray ndi Papa Westray pamauluka kandege ka kampani ya Loganair, mtunda wosakwana makilomita atatu. Mukangomanga lamba konzekerani kutsika, chifukwa ulendowu sutha mphindi ziwiri.