Mpira wa Atsikana Ulibenso Mwini Mmodzi

Wochoka ku Kabulonga sayenda mtunda wautali kuti afike ku Mtendere, kumene Barbra Banda anakulira akuthamangitsa mpira m'fumbi. Mu 2024 mwana wa m'komboniyu anagulidwa ndi timu ya Orlando Pride ku America pa madola 740,000, ndipo chaka chomwecho anasankhidwa kukhala katswiri woposa akazi onse osewera mpira mu Africa. Koma chotisangalatsa ife koposa ndi chakuti masiku ano palibe amene angalose wopambana masewera asanayambe.

Kale chikho cha COSAFA cha akazi chinkakhala ngati cholowa cha South Africa. Mu 2022 Copper Queens inawagonjetsa nkutenga chikhocho ndi chigoli chimodzi cha Banda. Tisanathe kunyada, mu 2023 alongo athu a ku Malawi anatigonjetsa 2-1 pa masewera otsiriza, natenga chikho kwa nthawi yoyamba. Zinatiwawa ndithu, komabe tinaombera m'manja. Mu 2024 chinabwereranso kuno kwathu pa mapenate. Zaka zitatu, ndipo palibe amene anagona tulo tamtendere!

M'makalabu namonso mphepo yatembenuka. Green Buffaloes, timu ya asilikali ya muno mu Lusaka, inagwetsa Mamelodi Sundowns mu 2022, pamene Sundowns inali ndi chikho cha Africa yense. Buffaloes yomweyo, imene inazolowera kulamulira ligi yathu, inasiyira ZESCO Ndola Girls mpando mu 2025.

Ku America zoterezi zinachitikira m'masukulu. Lamulo lotchedwa Title IX la mu 1972 linaletsa sukulu zolandira ndalama za boma kukondera anyamata, ndipo pang'onopang'ono mayunivesite ambiri anakhazikitsa matimu a atsikana, namalipirira maphunziro a osewera aluso. Poyamba yunivesite ya North Carolina inkadya yokha: inatenga chikho zaka 9 motsatizana, kuyambira 1986 mpaka 1994. Koma itapambana mu 2012 inadikira mpaka 2024, pamene Florida State, Stanford, UCLA ndi ena ankasinthana chikhocho. Kumeneko mtsikana amasewera mpira ali ndi mabuku m'chikwama, ndipo mwendo ukathyoka amatsala ndi digiri.

Apa ndi pamene ife tatsalira. Matimu athu amphamvu ndi a asilikali ndi a makampani, osati a makoleji. Motero mtsikana waluso wa Giredi 12 ku Kabwata kapena ku Chelstone amaima pa mphambano: kutsata mpira kapena kutsata sukulu. Makolo a m'nyumba za mipanda ku Kabulonga ndi ku Woodlands kawirikawiri amamusankhira sukulu, nsapato za mpira nkuikidwa pansi pa bedi. A m'makomboni, poona za Banda ndi za Racheal Kundananji amene anachokera ku Indeni Roses nkukafika ku Bay FC, amayembekeza kuti mpira udzadyetsa banja. Koma mwa atsikana mazanamazana amene amatuluka thukuta m'mabwalo athu Loweruka lililonse, okwera ndege ndi owerengeka.

Inu makolo amene muli m'makomiti a sukulu, funsani pa msonkhano wotsatira kuti bwalo limaperekedwa kwa atsikana masiku angati pa sabata, ndiponso kuti mphunzitsi wawo ndani. Nawo akuluakulu a makoleji athu tiwafunse kuti ndi atsikana angati amene awachepetsera fizi chifukwa cha luso la mpira.