Mankhwala ena ndi kulankhula: mmene uphungu umachizira mtima

Mutu kuwawa, thupi kuphwanya, mtima kugunda ngati ng'oma, tulo osabwera. Munthu akapita kuchipatala ndi madandaulo amenewa, ambiri amathamangira kunena kuti ndi malungo. Koma kafukufuku yemwe adachitika m'zipatala zing'onozing'ono za m'boma la Machinga adaonetsa kuti nthawi zina gwero la ululuwo limakhala m'maganizo.

Kafukufukuyu, yemwe adatsogolera ndi Dr Felix Kauye ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2014, adapeza kuti pafupifupi odwala atatu mwa 10 alionse ofika m'zipatalazi adali ndi zizindikiro za matenda a nkhawa kapena kukhumudwa. Chodabwitsa nchakuti palibe ndi mmodzi yemwe amene amauzidwa kuti vuto lake ndi limenelo.

Azaumoyo ena ataphunzitsidwa kuzindikira matendawa, zinthu zidasintha. M'zipatala za ophunzitsidwawo odwala 9 pa 100 alionse adapezeka ndi matenda a kukhumudwa, ndipo olembedwa kuti akudwala malungo adali 31 pa 100, pomwe m'zipatala zinazo adali 40 pa 100.

Nanga munthu akapezeka ndi vutoli athandizidwe bwanji? Ena amafunika mapiritsi, koma ambiri amachira ndi uphungu, kutanthauza kukambirana mwadongosolo ndi munthu amene adaphunzira ntchitoyi.

Kucheza kwake nkosiyana

Uphungu si macheza a pachitsime kapena pabawo. Pokumana koyamba, phungu amamvetsera kwambiri kusiyana ndi kulankhula. Kenako awiriwo amagwirizana vuto loti ayambe nalo, masiku okumana, ndi zomwe wothandizidwayo akayesere kunyumba asadabwerenso.

Njira imodzi yotchuka idayambitsidwa ndi dokotala wa ku America, Aaron Beck, m'zaka za m'ma 1960. Iye adaona kuti maganizo, mmene munthu akumvera mumtima ndi zochita zake zimakokana ngati unyolo.

Tiyerekeze mlimi wa ku Ulongwe yemwe chimanga chake chapserera ndi ng'amba pomwe ali ndi ngongole kubanki m'khonde. Akayamba kudziuza kuti ndi munthu wachabechabe, mtima umalemera, amasiya kupita kudimba ndipo amathawa anzake. Kukhala yekhako kumakolezera maganizo aja, ngongole nayo ikukula.

Phungu sangamulipirire ngongoleyo. Chomwe amachita ndi kumuthandiza kudula unyolowo pomufunsa mafunso. Kodi ng'amba ija idapsereza munda wake wokha? Nanga chaka china atakumana ndi zokhoma adapulumuka bwanji? Ndi chiyani chaching'ono chomwe angachite sabata ino? Yankho limachokera kwa mwini wake, ndipo nchifukwa chake limakhalitsa.

Ubale ndiwo msana wa ntchitoyi

Mu 1957 katswiri wina wa ku America, Carl Rogers, adalemba kuti munthu amasintha ngati phungu wake ali woona mtima, akumulandira mosamuweruza, komanso akuyesetsa kuona zinthu mmene mwini vutoyo akuzionera. Mu 1979 Edward Bordin adaonjezera kuti awiriwo ayenera kumvana pa cholinga, pa ntchito yoti achite, ndiponso kukhulupirirana.

Kafukufuku wa zaka zambiri watsimikiza kuti pomwe ubalewu uli wolimba, wothandizidwa amapeza bwino kaya phungu akugwiritsa ntchito njira iti.

Apa ndi pomwe phungu amasiyana ndi ankhoswe kapena anankungwi. Ankhoswe amaweruza kuti walakwa ndani, anankungwi amalangiza mwambo. Ntchito zimenezi nzofunika m'mudzi, koma phungu sagamula mlandu ndipo salalikira. Mayi amene akuopa kuuza apongozi ake kuti kulera khanda kwamukwana, kapena bambo amene adakula akumva kuti mwamuna salira, amapeza malo oyankhulira popanda kusekedwa.

Ubalewu uli ndi malire ake. Zokambidwa m'chipindamo ndi chinsinsi, pokhapokha ngati moyo wa wothandizidwayo kapena wa munthu wina uli pachiswe, ndipo phungu wabwino amafotokozeratu zimenezi tsiku loyamba. Saloledwa kuchita chibwenzi ndi munthu amene akumuthandiza, kumukongoza kapena kukongola kwa iye ndalama. Wothandizidwa naye ali ndi ufulu wonena kuti sakumvana ndi phunguyo nkupempha wina.

Sizilira madigiri okhaokha

Akatswiri a matenda a maganizo ndi ochepa m'dziko muno. Koma zomwe zidachitika ku Zimbabwe zikupereka chiyembekezo. Mu 2006 Dr Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench mumzinda wa Harare, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala nkumathandiza anthu kusanthula mavuto awo limodzi ndi limodzi, maulendo asanu ndi limodzi.

Zotsatira zomwe zidatuluka mu 2016 zidaonetsa kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, anthu pafupifupi 14 pa 100 alionse mwa omwe adakhala pabenchipo ndiwo adali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pomwe mwa omwe adalandira chithandizo cha masiku onse adali theka. Njirayi idayesedwanso m'zipatala zina kuno ku Malawi. Ku Mzuzu nako, koleji ya St John of God imaphunzitsa aphungu.

Komabe uphungu suchiza chilichonse. Munthu amene akumva mawu omwe ena sakuwamva, amene wasiya kudya, kapena amene akulankhula zodzipha afunika kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwelo. Anthu a ku Ntaja, Nsanama, Phalula ndi madera ozungulira angayambire pachipatala chapafupi, chomwe chingawatumize kuchipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde kapena cha Balaka. Matenda akakula, odwala amatumizidwa kuchipatala cha matenda a maganizo cha Zomba.

Ndipo amene wakhala akubwerera kuchipatala ndi mutu womwewo, magazi osapezeka ndi malungo, asamangotchula za m'thupi zokha. Auzenso adokotala zomwe zikumusowetsa tulo, pakuti akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga.