MASO A MUDZI PA MALIRE: ODZIPEREKA A KU CHIGWA CHA SHIRE NDI NKHANI YA UCHIGAWENGA

Kumapeto kwa mwezi wa Disembala 2024 mabwato a pa mtsinje wa Shire anayamba kuwolotsa anthu amene sanali asodzi kapena amalonda. Anali amayi obereka ana kumbuyo, nkhalamba ndi anyamata osenza mitolo, ochokera ku dera la Morrumbala m'dziko la Mozambique, kumene kunabuka zipolowe chitatha chisankho cha mu Okutobala chaka chomwecho. M'masiku owerengeka ofesi ya Bwanamkubwa wa boma la Nsanje inali itawerenga mabanja opitirira 2,000. Oyamba kuwalandira pa dooko anali mafumu, anyakwawa ndi anthu odzipereka a m'makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, omwe aja amene amaliza wezulo madzi akamasefukira.

Zipolowe zimenezo zinali za ndale, sizinali uchigawenga. Komabe zinaonetsa poyera kuti chilichonse chovuta tsidya lija chimayamba chafika m'manja mwa anthu a m'mudzi, asilikali ndi akuluakulu a ku Lilongwe asanafike. Tsono m'pofunika kufunsa kuti anthu odziperekawa, amene anaphunzira za madzi ndi namondwe, ayenera kudziwanji za ngozi yodza ndi mfuti.

CHIGWA CHODZIWA KALE NKHONDO

Anthu achikulire a ku Nsanje ndi Chikwawa safuna kuuzidwa za kuipa kwa nkhondo. Kuyambira 1977 kufikira 1992 boma la Frelimo linalimbana ndi gulu la Renamo, ndipo pamene nkhondoyo inakula m'dera la Mutarara m'chaka cha 1986, anthu anakhamukira kuno ngati dzombe. Dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo opitirira 1,000,000, ndipo m'boma la Nsanje alendowo anachuluka kuposa eni nthaka. Misasa ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu inasanduka midzi ikuluikulu. Mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi unaonongedwa, ndipo sitima ya pamtunda yochokera ku Beira kudzera ku Marka inaleka kuyenda.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, othawa nkhondo ambiri nabwerera kwawo. Koma mfuti zina sizinabwerere m'nkhokwe za asilikali. Zinatsala m'manja mwa anthu, ndipo zinaoneka m'umbanda wa zaka zotsatira. Phunziro lake nlakuti nkhondo ya kwa mnansi imasiya zipsera ngakhale kwa amene sanaimenye.

MOTO WA KU CABO DELGADO

Pa 5 Okutobala 2017 anyamata onyamula zida anaukira mapolisi a m'tauni ya Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique. Gululo pambuyo pake linadziphatika ku gulu la Islamic State. Mu Malichi 2021 linaukira tauni ya Palma, ndipo kampani ya Total inaimitsa ntchito yake yaikulu ya gasi. Mu Julayi chaka chomwecho asilikali a ku Rwanda ndi a mayiko a SADC anapita kukathandiza. A SADC anachokako mu 2024. Anthu opitirira 1,000,000 anathawa m'nyumba zawo pa zaka zimenezi. Kumapeto kwa 2021 zigawengazo zinalowa m'boma la Mecula m'chigawo cha Niassa, chimene chichita malire ndi Malawi, ndipo mu 2022 zinafika m'chigawo cha Nampula.

Cabo Delgado ali kutali ndi Nsanje, mtunda wa mamailosi mazanamazana, ndipo palibe chifukwa chochitira mantha ngati kuti adani ali pakhomo. Chofunika kuchilingalira ndi m'mene motowo unayambira. Zigawengazo zinakopa achinyamata osowa ntchito powalonjeza ndalama za mpamba, ntchito ndi maphunziro. Atsogoleri a Chisilamu a kumeneko anachenjeza akuluakulu a boma zaka zingapo mfuti isanalire, koma chenjezo lawo silinasamalidwe mokwanira. Akale anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

ZIMENE WODZIPEREKA ALI NAZO KALE

Makomiti a m'midzi ndi a m'madera a mafumu aakulu anakula pansi pa lamulo la za ngozi zogwa mwadzidzidzi la 1991, limene linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano mu 2023. Iwo amagwira ntchito pamodzi ndi nthambi ya Boma ya DoDMA, makhonsolo ndi bungwe la Red Cross. Madzi a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anawaphunzitsa zambiri: kusunga kaundula wa mabanja, kudziwa njira zothawira kumtunda, kunyamula okalamba ndi olumala, kupereka chithandizo choyamba, ndi kutumiza uthenga msanga kwa oyenera. Nzeru zimenezi ndizo zomwe zimafunika anthu akathawa mfuti. Zowonjezerapo nzochepa, koma nzofunika zedi.

Choyamba ndicho kuona, kulemba ndi kunena. Wodzipereka akaona anthu a zida akuwoloka usiku, kapena katundu wobisidwa m'bango, alembe chimene waona ndi maso ake, malo, nthawi ndi kuchuluka kwa anthu, nakanene kwa mfumu ndi kwa apolisi. Kugwira munthu, kumufunsa mafunso ndi kufufuza m'katundu wake ndi ntchito ya apolisi.

Chachiwiri ndicho kusakhudza chitsulo chosadziwika. Dziko la Mozambique linalengeza mu 2015 kuti minda yonse yodziwika ya mabomba okwirira inachotsedwa, koma zipolopolo ndi mabomba a dzimbiri angathe kufukulidwa ndi khasu kapena ndi madzi osefukira. Ana otola zitsulo zakutha kuti akagulitse ndiwo ali pa ngozi yaikulu. Malowo aikidwe chizindikiro, anthu atalikire, apolisi aitanidwe.

Chachitatu ndicho kusathamangira kumene kwaphulika chinthu kapena kumene mfuti ikulira. Wopulumutsa akavulala, ovulala achuluka ndipo wothandiza wachepa. Malo akakhala bata, ntchito yoyamba ndiyo kuletsa magazi pofinya bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera, pakuti munthu angathe kufa ndi kutaya magazi asanafike ku chipatala.

MPHEKESERA NAYO IMAPHA

Mwezi womwewo wa Okutobala 2017, pamene mfuti zinayamba kulira ku Mocímboa da Praia, kuno kunali mphekesera ya anamapopa. Inafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu, nifika mpaka ku Blantyre. Magulu a anthu anatseka misewu ndi kupha anthu osachepera 8 powaganizira chabe, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe. Namapopa sanapezeke ndi mmodzi yemwe, koma maliro anachitika.

Ngozi imeneyi njoyandikira kuposa ya ku Cabo Delgado. Ku Chigwa cha Shire malire anadula pakati pa abale: Asena ndi Amang'anja ali tsidya lino ndi tsidya lija, amakwatirana, amalima madimba ndi kugulitsana nsomba. Wodzipereka akayamba kuona chigawenga mwa mlendo aliyense, kapena mwa mnansi wake chifukwa cha chipembedzo, wawononga chinthu chokhacho chimene chimateteza mudzi, ndicho kukhulupirirana. Ku Cabo Delgado ambiri mwa ophedwa ndi othamangitsidwa ndi Asilamu. Motero wothawa nkhondo alandiridwe, alembedwe m'kaundula, apatsidwe madzi ndi pogona, ndipo kusiyanitsa wothawa weniweni ndi wonyamula zida kusiyidwe m'manja mwa apolisi ndi a nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko.

GAWO LA APHUNZITSI NDI ANTCHITO A BOMA

Pa ngozi iliyonse ku chigwachi sukulu ndiyo imasanduka msasa, ndipo mphunzitsi wamkulu amakhala wosunga makiyi ndi kaundula. Mphunzitsi ndiyenso amayamba kuzindikira mnyamata akasowa m'kalasi atalonjezedwa ntchito kutali ndi munthu wosadziwika bwino; kawirikawiri nkhani yotere imakhala ya ozembetsa anthu, ndipo nayonso njoyenera kukanenedwa. Alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, amene amayenda m'midzi tsiku ndi tsiku, ndiwo angathe kuzima bodza la pa foni lisanafike pa msika.

Antchito a pa khonsolo ali ndi udindo wina: wodzipereka akanena chinthu, ayankhidwe. Munthu amene anakanena kawiri osamva kanthu sadzabweranso kachitatu. Chaka ndi chaka, mvula isanayambe, makomiti amakonza mapulani a madzi osefukira. Pa msonkhano womwewo m'poyenera kulemba nambala ya foni ya polisi yapafupi, kusankha munthu wolandira alendo pa dooko, ndi kugwirizana za amene adzalankhule kwa anthu mphekesera ikabuka.