Kodi Mumadziwa? Magetsi Ochokera Kumtaya

Kodi mumadziwa kuti dzala limapuma? Mikute, makoko a nthochi, masamba ndi mapepala zikakwiririka pansi penipeni, tizilombo tosaoneka ndi maso timazidya n'kumatulutsa mpweya. Pafupifupi theka la mpweyawo ndi methane, umene umayaka ngati gasi wophikira. Theka linalo ndi carbon dioxide.

Kodi mumadziwa kuti mpweya wa methane ulibe fungo? Chimene chimakugwiritsani mphuno mukamadutsa pamtaya ndi mipweya ina, monga uja wonunkha ngati dzira lovunda. Koma wa methane umayenda mwakachetechete. Mu 1986 ku Loscoe, m'dziko la England, unadzera pansi pa nthaka kuchoka pamtaya n'kukadzaza m'nyumba ina. Nyumbayo inaphulika, anthu atatu n'kuvulala. Ukathawira mumlengalenga nakonso sikwabwino: pa zaka 100 umasunga kutentha kuposa carbon dioxide pafupifupi maulendo 28.

Nanga mumadziwa kuti mzinda woyamba mu Africa kupanga magetsi ndi mpweya wa pamtaya ndi Durban? Mu 2006 khonsolo ya mzindawu, ya eThekwini, inaliza injini ya megawati imodzi pamtaya wa Mariannhill. Kenako inaika zina ku Bisasar Road, zokwana mamegawati 6.5. Amachita chonchi: amaboola zitsime m'phiri la zinyalala n'kulowetsamo mapaipi azibowo. Makina amayamwa mpweya uja, kuuchotsa chinyezi, n'kuupereka ku injini imene imazunguza jenereta. Wotsala amangouwotcha, chifukwa kuuwotcha n'kwabwino kusiyana n'kuusiya uuluke. Pamtaya wa La Mercy anayesanso, koma mpweya unachepa ndipo anasiya.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa nkhani ya Bisasar Road ili ndi misozi. Mtayawu anautsegula mu 1980, nthawi ya tsankho, pakati pa nyumba za anthu ku Clare Estate, dera limene boma la azungu linaikako amwenye. Mayi Sajida Khan, omwe nyumba yawo inali moyang'anana ndi mtayawo, anamenya nkhondo zaka zambiri kuti utsekedwe. Nkhawa yawo inali yoti ndalama zimene mayiko olemera amalipira pochepetsa mpweya woipa zichititsa kuti mtayawo upitirire. Anamwalira ndi khansa mu 2007. Ine ndimaona kuti mayiwa ankanena zomveka: magetsi akayaka m'tauni, amene amagona pafupi ndi dzala amapumabe fumbi ndi fungo lomwelo.

Kodi mumadziwa kuti mulu wa zinyalala umagumuka ngati phiri? Mu March 2017 mtaya wa Koshe ku Addis Ababa unakwirira anthu oposa 100. Mu February 2018, mvula itagwa yamphamvu, wa Hulene ku Maputo unagwera nyumba n'kupha anthu osachepera 16.

Ndiye bwanji ku Mzedi mu Blantyre kapena ku Area 38 mu Lilongwe sitikuyatsa mababu ndi zinyalala? Mtaya wopanga magetsi amachita kuumanga. Pansi amayala dongo ndi pulasitiki wokhuthala kuti madzi onyansa asalowe m'zitsime, zinyalala amazitsendera ndi makina, ndipo tsiku lililonse amazikwirira ndi dothi. Pamene galimoto imangokhuthula n'kubwerera, mpweya umathawa, ndipo moto ukabuka umafuka masiku ambiri osazima. Chimene tingayambe lero n'kupatula zowola kumsika ndi kunyumba komwe, poti zambiri mwa zinyalala za m'matauni athu ndi zotsala za chakudya ndi masamba, zomwe alimi akuzifuna ngati manyowa pamene feteleza wakwera mtengo.

Ndipo kodi mumadziwa kuti mtaya wokwiriridwa bwino susiya kupuma tsiku limene watsekedwa? Mikute imene inatayidwa mwana ali kumsana imatulutsabe mpweya mwanayo atakula mpaka kukwanitsa zaka 20.