Chaka cha Wosewera Gofu Amene Sanatchuke

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, phunziro lathu la lero likunena za masewera a gofu, makamaka za anthu amene amadyera masewerawa koma maina awo sanamveke patali. Kuti timvetse bwino, taganizani za asodzi a ku Chanyanya, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue. Msodzi amayamba watulutsa ndalama: ukonde agula yekha, bwato akonzetsa yekha, ndipo palibe munthu womulonjeza kuti adzabwerako ndi nsomba. Moyo wa wosewera gofu wa m'gulu laling'ono uli chimodzimodzi.

Poyamba tiwadziwe masewerawo. Bwalo la gofu lili ndi maenje 18. Wosewera amamenya kampira ndi ndodo kufikira katalowa m'dzenje, ndipo wopambana ndiye amene wamenya kochepa kuposa anzake onse. Mpikisano waukulu umatenga masiku 4. Aphunzitsi, lembani pa bolodi 18 kuchulukitsa ndi 4, kuti ana apeze okha kuti maenje onse ndi 72.

Koma si onse amene amafika pa dzenje la 72, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Pakutha pa tsiku lachiwiri, atasewera maenje 36, akuluakulu a mpikisano amawerengera ndi kudula mzere umene pa Chingerezi amati cut. Amene ali pamwamba pa mzerewo amapitiriza ndipo adzalandira ndalama. Amene ali pansi pake, pafupifupi theka la osewera, amalongedza katundu ndi kuchoka opanda ngwee ngakhale imodzi. Komatu munthuyo walipira kale ulendo, malo ogona, chakudya ndi malipiro a wonyamula thumba la ndodo zake. Nthawi zina chimene chimamugwetsa ndi kampira kamodzi kamene kaima pamlomo pa dzenje osalowa. Zikatero masabata atatu kapena anayi otsatizana, ngongole imakula, dzanja limayamba kunjenjemera, ndipo dzanja lonjenjemera silimenya bwino. N'chifukwa chake osewera otere amagona angapo m'chipinda chimodzi ndi kusonkherana mafuta a galimoto, ngakhale kuti m'mawa mwake adzalimbana pabwalo.

Dziko la Zambia lawaona anthu otere kwa zaka zambiri. Mpikisano wa Zambia Open unayamba m'chaka cha 1972, ndipo unali mbali ya ulendo wa mipikisano wotchedwa Safari Circuit. M'miyezi yoyamba ya chaka, pamene ku Britain kumazizira koopsa, osewera a kumeneko ankabwera ku Africa ndi kuzungulira maiko monga Nigeria, Ivory Coast, Kenya ndi Zambia. Kuno ankasewera ku Lusaka, ku Ndola ndi ku Mufulira. Pulezidenti Kenneth Kaunda nayenso ankawakonda masewerawa, ndipo ku State House kunali bwalo lake la gofu.

Mmodzi mwa alendowo anali Ian Woosnam wa ku Wales, munthu wamfupi koma wamphamvu m'mikono. M'zaka zake zoyamba ankayenda ndi kugona m'kagalimoto, nadya nyemba za m'chitini kuti asunge ndalama. Iye anapambana Zambia Open m'chaka cha 1985, ndipo mu 1991 anapambana mpikisano wotchuka wa Masters ku America nakhala woyamba pa dziko lonse. Koma ana inu musanyengedwe ndi nkhani ya munthu mmodzi. Ambiri amene anayenda naye ulendo umenewo anabwerera kwawo kukaphunzitsa ena gofu kapena kukagulitsa m'sitolo.

Safari Circuit inatha pamene mipikisano yake inalowa mu Challenge Tour, gulu lachiwiri la ku Ulaya, ndipo pambuyo pake Zambia Open inalowa mu Sunshine Tour ya kumwera kwa Africa. M'magulu otere muli mndandanda wosonyeza mmene wosewera aliyense wachitira chaka chonse. Chaka chikatha, owerengeka a pamwamba amakwera kupita ku gulu lalikulu kumene kuli ndalama zambiri. A pakati amatsala pomwepo. A pansi amataya malo awo, ndipo ayenera kukapikisananso ndi anyamata atsopano kuti aloledwe kusewera chaka chamawa. Motero munthu amene sanapambane mpikisano uliwonse, koma wapulumuka mzere uja kawirikawiri, angathe kunena kuti chaka chamuyendera bwino.

Mwana wa dziko lino amene waiyenda njira imeneyi ndiye Madalitso Muthiya, wobadwa m'chaka cha 1983. Ataphunzira pa University of New Mexico ku America, anakhala Mzambia woyamba kusewera mu US Open, pa bwalo la Winged Foot, m'chaka cha 2006. Kumeneko mzere uja unamudula pa tsiku lachiwiri. Anapitiriza kuzungulira mipikisano ing'onoing'ono ku Canada ndi ku South Africa, ndipo panapita zaka 10 asanapambane koyamba pa Sunshine Tour, pa bwalo la Wild Coast, m'chaka cha 2016.